Mphindi Imodzi ya Che Hassani

Zaka khumi ndi zinayi ndinadyera kuseka anthu. Ntchito yanga inali kujambula makatuni pa nyuzipepala ina ku Blantyre, ndipo ndinkaidziwa. Mukandipatsa nduna, ndinkaipeza mimba. Mukandipatsa mkulu wa mpingo, ndinkamupeza dazi kapena mano. Munthu aliyense ali ndi pena pake pamene panapitirira muyeso, ndipo diso langa linkathamangira pomwepo ndisanamve ndi dzina lomwe. Nyuzipepala itachepetsa masamba, katuni ndi imene inayamba kuchoka, ine pambuyo pake. Ndinatsala m'chipinda changa ku Chilomoni ndikujambula mapositala a mabungwe, ana osamba m'manja ndi amayi ogona m'masikito, wolankhula nane ali wailesi basi.

Scholastica, mayi wojambula zithunzi za m'mabuku a ana, atandiimbira foni kuti akusonkhanitsa ojambula ku Domasi kwa sabata imodzi, ndinamuuza kuti ndapanikizika ndi ntchito. Anaseka.

"A Makaiko, ntchito yake iti? Bwerani mudzaone anthu."

Ndinakwiya tsiku lonse chifukwa ananena zoona, ndipo Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi.

Tinafikira m'nyumba ya alendo ya bungwe lina, chakumunsi kwa mishoni. Inali ndi khonde lalikulu loyang'ana m'minda, phiri lili kumbuyo. Unali mwezi wa Juni, kamphepo koluma, anthu ali kalikiliki kumweta ndi kupuntha mpunga. Tinalipo khumi ndi awiri. Scholastica anaika mpando pakati pa khonde, n'kutiuza malamulo. Aliyense azikhala pampandowo nthawi yake ikakwana, enafe tizimujambula. Foni yake iziwerenga nthawi: mphindi zisanu, kenako ziwiri, kenako imodzi. Labala wofufutira ndi woletsedwa. Foni ikalira, pensulo pansi, pepala ulivundikire m'lichero limene anabwereka kukhitchini, osalembapo dzina. Wokhala pampando uja azitenga mapepala onse, aziwaona pamaso pathu, n'kupita nawo kwawo.

Ine ndinabwera nditalumbira chinthu chimodzi, kuti kuno sindijambula katuni. Ndinkafuna aone kuti Nickson Makaiko amathanso kujambula munthu ngati munthu. Ndiye ndinkayeza mphuno, kuyeza chibwano, kusamala mzere uliwonse, ndipo foni inkalira ndili ndi khutu limodzi ndi theka la khosi. Dzanja linkangopita m'thumba kufuna labala. Pofika madzulo a Lolemba lomwelo, Ganizani, mnzathu wa ku Liwonde amene amajambula ndi bolopeni, anali atandipatsa kale dzina loti a Labala, ndipo linakakamira.

Anandiika chipinda chimodzi ndi Che Hassani a ku Naisi. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wolemba zikwangwani ndi mayina a magolosale. Chaka chapitacho anadwala sitiroko. Mwendo unabwerera, dzanja lamanja silinakhudzidwe, koma pakamwa panapotoka, mbali ya kumanzere panagwera pansi, ndipo diso la mbali yomweyo linkangolengeza misozi. Ankayenda ndi kampango m'manja. Akafuna kulankhula, kumwa tiyi kapena kuseka, kampango kankayamba kufika pakamwa.

Anawaperekeza ndi mwana wawo wamkazi, Bushra. Atayala bulangete la bambo ake pabedi, ananditengera pambali.

"Bambo, inu ndi amene mukhale nawo, ndiye ndikuuzeni. Chidwalireni, aka n'koyamba kutuluka pakhomo. Ngakhale kumzikiti sapita. Ndawanyengerera mwezi wathunthu. Sabata ino ikawakomera, mwina abwerera kuntchito, ayambenso kukhala ndi anthu. Ikawaipira, sindidziwa ngati adzatulukenso. Muziwayang'anira."

Ndinati asadandaule. Ndinanena mopepuka, monga timanenera tikapatsidwa moni wokapereka kumudzi.

Amene anayang'anira mnzake ndi iwo. Lachiwiri m'mawa, tikumwa tiyi ndi mbatata, anatenga mapepala anga n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu ena akutuluka olumikizana, koma ukazolowera unkamva zonse.

"Achimwene, anthu anuwa ndi akufa," anatero. "Mukulimanga dzanja. Mukuopa chiyani?"

"Sindikuopa kanthu. Nthawi ndi imene ikuchepa."

"Ine ndalembapo dzina pa minibasi kondakitala akuitanira anthu. Penti safufutika. Ukayamba, wayamba. Lisiyeni dzanja lipite, mutu uzibwera pambuyo."

Ndinafuna kuwayankha kuti ine ndagwirapo ntchito pa nyuzipepala, si wolemba magolosale angandiphunzitse. Koma ndinali nditaona zojambula zawo. Mizere isanu, isanu ndi umodzi, ndipo munthu ankakhala pamenepo ndi kulemera kwake konse. Ndinameza mawu anga pamodzi ndi mbatata.

Masiku amenewo anali okoma, ndipo ndikunena izi mtima ukundiwawa. Masana tinkatsikira m'minda kukajambula opuntha mpunga, amene sadikira foni ya munthu. Amayi ankabwera kudzasuzumira n'kumatinyoza kuti tawakalambitsa, tawachepetsa m'chiuno, wina akuti timulipire chifukwa cha msana wake. Agatha, mphunzitsi wa pulayimale ku Malosa, ankawayankha mofanana mpaka onse kugwa ndi phwete. Tinkabwerekana mapensulo, kudyera m'mbale imodzi ya mtedza, kukangana za mapepala abwino ndi kumene amapezeka otchipa. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkaona ojambula anzanga ngati akuba amene akudikira kuti ndigone. Kuno munthu ankayang'ana pepala lako n'kunena kuti phewa ili walipeza, ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima.

Che Hassani nawo anayamba kusintha. Lachitatu Ganizani atakhala pampando ngati bwana wa kampani, mwendo pamwamba pa unzake, iwo anaseka mpaka kutsokomola, kampango kali pabondo ataiwala. Palibe amene anaonetsa kuti waona. Pobwerera kuchipinda anandiuza kuti kuli munthu ku Songani amene wakhala akuwatumira mawu kuti akamulembere golosale, ndipo akuganiza zomuyankha.

Chinthu chimodzi chokha ankakana, mpando wa pakati uja. Nthawi yawo ikakwana ankagwedeza dzanja, Scholastica n'kudumphira wotsatira.

Lachinayi m'mawa ndine ndinayambitsa. Ndinali nditangochoka pampandopo, mapepala khumi ndi limodzi ali m'manja, onse akuonetsa mphumi yanga yaikulu, ndipo ndinali wosangalala ngati mwana.

"Che Hassani, lero simuthawa. Tonse takhalapo. Inu mwatijambula tonse, ife ayi?"

"Asiyeni, a Labala," anatero Scholastica.

"Mphindi imodzi yokha. Kapena mukuopa? Paja munandifunsa ine kuti ndikuopa chiyani."

Anandiyang'ana, diso lina likuseka, lina likulengeza. Kenako anadzuka. Anakhala pampando, anakonza kofiya wawo woyera kumutu, n'kuchotsa kampango pakamwa n'kukaika pabondo. Ndikudziwa kuti anakhala chifukwa ndinapempha ndine. Wina aliyense akanamukanira.

Scholastica anadina foni.

Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo, sindinayeze kanthu. Dzanja linapita lokha, ndipo linapita kumene linazolowera kupita zaka khumi ndi zinayi. Linayambira pakamwa. Linakoka mlomo uja kuutsitsa, kudutsa chibwano, mpaka unatsala pang'ono kukhudza kolala. Diso linatsatira mlomo, likulendewera. Kofiya ndinamukhazika pamwamba, wowongoka bwinobwino, ngati sakudziwa zimene zikuchitika pansi pake. Mizere inalipo isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi. Ndinamaliza foni isanalire.

Apa ndi pamene sindingathe kudzikhululukira. Dzanja likhoza kuthamanga lokha, koma ine ndinali ndi masekondi khumi ndi asanu, mwina kuposa, ndikuyang'ana chimene ndachita. Ndinachidziwa kuti ndi chiyani. Ndikanatha kulipinda pepalalo n'kuliika m'thumba, n'kunena kuti pensulo yathyoka. Palibe amene akanandimanga. Koma chinali chamoyo. Chinali chinthu choyamba chamoyo chimene ndinajambula m'zaka zitatu, ndipo ndinkafuna anthu amene ankanditcha a Labala aone kuti ndine ndani. Foni italira, ndinalivundikira m'lichero pamodzi ndi enawo.

Che Hassani anayamba kuvundukula limodzilimodzi, ife titawazungulira. Agatha anajambula manja awo okha ali pamaondo. Ganizani anajambula kofiya ndi mapewa, nkhope n'kuisiya ndi mizere iwiri. Wina anawatengera mbali ya kumanja, yabwino ija.

"Uyu wandichotsera zaka makumi awiri," anatero akuseka. "Bushra akaona adzati ndi achimwene ake."

Langa linali lachisanu ndi chiwiri. Atalitembenuza, wina kumbuyo kwanga anaphulika kuseka, kuseka kwachidule kumene katuni yabwino imam'tulutsa munthu asanaganize. Anakumeza pomwepo. Ndi kuseka kumene ndakhala ndikukusaka moyo wanga wonse, ndipo kunandilowa ngati minga. Dzina panalibe, koma aliyense ankadziwa mwini mzerewo.

Che Hassani anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anati, osatembenukira kwa ine, "Dzanja lamasuka."

Analiika pamodzi ndi ena, anamaliza kuona otsalawo, anathokoza onse. Potero kampango kanali katabwerera pakamwa.

Pa nthawi ya chakudya Scholastica anandipeza kuseri kwa khitchini ndikusamba m'manja.

"A Makaiko, ndinu munthu wamkulu."

"Lamulo ndi lanu," ndinatero. "Munati tijambule chimene tikuona, osafufuta."

"Tonse tinaona."

Anachoka. Ine ndinatsala ndikupitiriza kumuyankha mumtima, ndipo mayankho anga anali anzeru kwambiri. Ndinati luso silichita manyazi. Ndinati enawo ndi amene anawanyoza powajambula ngati alibe nkhope. Ndinali ndi masana onse oti ndipite kwa Che Hassani kukanena mawu amodzi okha. Tinakhala pabenchi imodzi, ndipo ndinawauza za kuzizira kwa ku Domasi poyerekeza ndi ku Blantyre. Anavomereza kuti kunodi kumazizira.

Lachisanu m'mawa anapinda bulangete lawo. Anati akupita kukapemphera ku Naisi, abwera chakumasana. Ndinadzinamiza kuti imeneyi ndi nkhani yabwino, munthu amene sanapondeko kumzikiti chaka chonse wayamba kupita. Sindinadzifunse chifukwa chimene munthu angatengere bulangete kumapemphero. Masana tinajambula tili khumi ndi mmodzi. Palibe amene ananditchulanso a Labala, ndipo ndinalisowa dzinalo.

Loweruka tinatsazikana. Anagwirizana zoti tizikumana ku Zomba kamodzi pamwezi. Ndinkayembekezera kuti andidumpha, koma Agatha anabwera ndi kope lake n'kulemba nambala yanga ngati ya wina aliyense. Zimenezi zinandichititsa manyazi kuposa akanandilalatira.

Ndinatsika minibasi pa Naisi. Sindinavutike kudziwa kuti ndafika kwawo, chifukwa dzanja lawo linali ponseponse, pa golosale, pa malo ometera, pa butchala, zilembo zonenepa zokhala ndi mthunzi wofiira kumanja. Wokonza njinga anandilozera nyumba. Bushra anali panja akupeta mpunga. Anandipatsa mpando, anandipatsa moni wonse mwaulemu, koma nkhope inali youma.

"Anafika bwino kumzikiti dzulo?" ndinafunsa, posowa poyambira.

"Sanafikeko. Anatsika minibasi n'kulowa m'nyumba." Anaika lichero pansi. "Bambo, chaka chonse takhala tikuwauza kuti zikuchepa, kuti munthu wosadziwa sangazindikire msanga. Amayi, ine, ashehe akabwera kudzawaona, tonse. Galasi ali nalo, amadziona. Koma anayamba kukhulupirira kuti iwo amaona zambiri kuposa zimene anthu amaona. Ndi chifukwa chake anavomera kubwera kwanu kuja."

"Ndilankhule nawo?"

Analowa, anatenga nthawi, kenako anandiitana.

Che Hassani anali pampando wa nsungwi m'chipinda chochezera, katani ya pawindo yotseka ngakhale kunali masana. Anandilandira ndi manja awiri. Anafunsa za anzathu mmodzimmodzi, ngati Ganizani wapeza galimoto ya ku Liwonde, ngati Agatha chifuwa chasiya. Ndinayankha zonse. Kenako ndinanena zimene ndinakonza m'minibasi. Ndinati ndinalakwa, andikhululukire. Ndinati katuni ndi bodza, ntchito yake ndi kukuza zinthu, nduna zonse zimene ndinajambula sizinali ndi mimba zotero. Ndinati simuoneka choncho.

"Koma mimba zinalipo," anatero.

Ndinatulutsa kope ndi mapensulo m'chikwama.

"Ndiloleni ndikujambuleninso. Popanda foni. Ndikhala pano tsiku lonse ngati mungalole, ndikujambuleni bwinobwino monga mulili."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mukakhala tsiku lonse mudzandikonza, achimwene. Anzathu aja anandikonzanso. Wina manja, wina kofiya, wina mbali imodzi. Mapepala aja ndinawayala onse dzulo pamphasa. Anthu khumi anapeza poyang'ana pena. Ndi anthu abwino." Anapukuta diso. "Ine sindinakwiye nanu. Kungoti kumsika munthu sakhala ndi tsiku lonse. Amakuyang'ana kamodzi n'kudutsa. Ndimafuna kudziwa chimene amapita nacho, ndiye ndadziwa."

"Si onse ali ndi diso langa. Langali ndi loipa, linaphunzitsidwa kuipa."

"Amene anaseka uja si inu."

Ndinayesa njira zina. Ndinawauza za kukumana kwa ku Zomba, kuti onse akuwafuna, kuti ndizidzawatenga ndekha pakhomo. Ndinawakumbutsa za golosale ya ku Songani. Anamvetsera zonse mwaulemu, kampango kali pakamwa, n'kunena kuti aona. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ineyo ndamuuzapo Scholastica kangapo kuti ndiona.

Bushra anandiperekeza mpaka kumsewu. Ananyamula jumbo imene sindinaifunse. Minibasi ya ku Zomba itaima, anandipatsa. Munali maburashi okulungidwa m'nsalu, oposa khumi, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, zogwirira zitasalala ndi zala, ubweya wotsukidwa bwino ndi parafini.

"Akuti mukapatse anzanu aja, agawane. Akuti ndi abwino, asamangokhala."

"Sindingatenge. Adzawafuna."

"Ndawauza zomwezo kuyambira m'mawa," anatero Bushra. "Mukawasiya, akuti ndikawapereke kwa wokonza njinga azipakira girisi."

Kondakitala ankamenya chitseko kuti ndikwere kapena ndisiye. Ndinakwera, ndinakhala kumbuyo, jumbo ili pamiyendo, ndipo fungo la parafini linandiperekeza mpaka ku Zomba.